Phulusa la apongozi

Chaka chimene ndinapuma ntchito ku koleji, ndinazindikira kuti pakhomo pamene ndakhala zaka zoposa makumi atatu panalibe changa kupatula nkhuku. Sindikudandaula, ndikungonena mmene zinthu zilili kwathu kuno. Ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndi manja anga, koma yakhala pa dothi la amayi a mkazi wanga. Dimba la kumtsinje ndi la mkazi wanga. Ana ndi anga, koma pakagwa nkhani yaikulu amaitana amalume awo, ine n'kungopatsidwa mpando wabwino. Nthawi imene ndinali kalipentala ku koleji zimenezi sizinkandipweteka, chifukwa m'mawa uliwonse ndinkakwera njinga kupita kumalo kumene chitseko chikangovuta anthu ankafunsa za ine. Nditapuma, ndinatsala ndi khonde, wailesi, ndi nkhuku zoikira makumi awiri ndi zisanu.

Nkhukuzo ndinagula ndekha, khola ndinakhoma ndekha, mazira ndinkapita nawo ndekha ku msika wa Songani. Ndizo zinkandipatsa chifukwa chovalira nsapato m'mawa. Koma chakudya cha nkhuku cha m'matumba chinakwera mtengo mpaka ndinasiya kulowa m'sitolo muja, ndinkangodutsa nkhope nditalozetsa kwina. Ndinayamba kuzipatsa madeya okhaokha. Nkhuku yoikira simungaipusitse ndi madeya. Zinayamba kuthothoka nthenga ndi kujompholana, ndipo mazira anachepa mpaka tsiku lina m'khola lonse ndinatolamo atatu.

Mkazi wanga si munthu wozungulira nkhani. Anayang'ana mazira atatuwo m'chipewa changa n'kunena kuti, "Abambo, nkhuku zanuzi zasanduka alendo. Zikungodya basi. Zikapanda kuikira pofika Khirisimasi, tikagulitse kwa ootcha nyama ku Songani zisanayambe kufa zokha."

"Ndipatseni miyezi itatu," ndinatero.

"Ndiyo ndakupatsaniyo. Mwezi uno ndi Seputembala."

Mumtima ndinakana. Ndinadziona nditakhala pakhonde tsiku lonse, ndikudikira kuitanidwa ku chakudya ngati munthu wodwala, ndipo ndinachita mantha enieni. Ndinatsimikiza tsiku lomwelo kuti nkhukuzo sizipita ku Songani.

Kumunsi kwa mudzi wathu, kufupi ndi mtsinje wa Domasi, kuli bambo wina wa maiwe a nsomba amene timapemphera naye mpingo umodzi. Nditamudandaulira za chakudya cha nkhuku, ananditengera kuseri kwa nyumba yake n'kutsegula bokosi la matabwa. M'katimo munali mphutsi zili piringupiringu, zonenepa, zazitali ngati msomali wa inchi imodzi. Ndinabwerera m'mbuyo, iye n'kuseka.

"Achimwene, musathawe, iyi ndi ndiwo ya nsomba zanga. Si mphutsi za ntchentche za kuchimbudzi ayi. Mayi wake ndi uyu."

Anandilozera kachirombo kakuda kooneka ngati mavu, katatera pa tsamba la nthochi. Anandiuza kuti ndi mtundu wa ntchentche, koma siluma, silowa m'nyumba, ndipo sitera pa chakudya cha anthu. Ntchito yake ndi kuikira mazira pafupi ndi zinthu zoola. Mphutsi zake zimadya makoko, mango oola, madeya onyowa ndi zotsala za kukhitchini, n'kunenepa. Zikakhwima zimada ndipo zimafuna pouma, ndiye mukaziikira kanjira kokwera zimatuluka zokha n'kukagwera m'chidebe. Anatapa dzanja limodzi n'kuponyera nkhuku zake zachikuda. Mmene zinalimbiranira, ndinadziwa kuti ndapeza chimene ndinkafuna. Ndinabwerera kunyumba ndi chitini cha mphutsi nditachikulunga m'jumbo, ndikupemphera kuti ndisakumane ndi munthu wa ku tchalitchi wofuna kudziwa chimene ndanyamula.

Bokosi langa ndinalipanga masiku awiri, ndipo ndinene zoona, manja anga anali asanasangalale chotere chipumire ntchito. Ndinadula mgolo wakale wa pulasitiki pakati cham'litali. Pansi pake ndinaboola timabowo ndi msomali wotentha kuti madzi azitsika, chifukwa mnzanga uja anandichenjeza kuti m'kati mukanyowa kwambiri mumanunkha ndipo mphutsi zimathawa. Ndinaukhazika pa miyendo inayi ya matabwa a bulugamu, yofika m'chiuno. Mbali imodzi ndinakhomera thabwa lopendekeka, ndilo kanjira kokwera kaja, ndi kapaipi pamwamba pake kolowera m'chidebe. Thabwalo ndinalikalakasa dala ndi sowo kuti lisaterere, ndikudziseka ndekha kuti munthu amene anakhomera akuluakulu a koleji matebulo lero akudera nkhawa mapazi a mphutsi. Chivindikiro ndinapanga cha lata lakale, m'malo mwa mahinjesi n'kuika timalamba todula pa tayala la galimoto, ndipo ndinasiya mpata wa zala ziwiri kuti ntchentche zakudazo zizilowa. M'kati ndinapachikamo tizidutswa ta katoni, popeza zimakonda kuikira m'timabowo ta m'mphepete mwa katoni. Chinthu chimodzi chokha ndinachisiya. Mnzanga uja anandiuza kuti miyendo ya bokosi iziima m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere. Zitini zinayi ndinalibe tsiku limenelo, ndiye ndinati ndiika mawa.

Ndinaliika kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango, chifukwa pabwalo pathu mthunzi wa tsiku lonse uli pamenepo pokha. Malowo anali abwino m'zonse kupatula chimodzi. Anali m'mbali mwa kanjira kamene apongozi anga ankadutsa m'mawa uliwonse.

Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, ankakhala m'kanyumba kawo pabwalo lomwelo, pafupi poti n'kuitanizana osakweza mawu. Nthawi imeneyo anali atakalamba ndithu, akuyendera ndodo, koma manja awo sankakhala chete. Ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo m'maso kapena kulankhulana mwachindunji chikwatirire mwana wawo. Achinyamata a masiku ano amaseka zimenezi, amadyera pamodzi ndi apongozi awo n'kumajambulana pa foni. Ife tinakula ndi ulemu wakale. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira pambali n'kugwada, ine n'kuvula chipewa ndikuyang'ana kwina, moni n'kumaupereka ngati tikulonjera mtengo. Nkhani iliyonse pakati pathu inkadzera mwa mkazi wanga. Sitinkadana ayi. Denga lawo likadontha ndinkakhoma iwo atapita kudimba, ndipo nditadwala malungo chaka china, phala linkafika kuchokera kukhitchini kwawo popanda mawu.

Apongoziwo anali ndi chikhulupiriro chimodzi pambali pa cha ku tchalitchi, ndicho phulusa. M'mawa uliwonse ankatapa phulusa pa mafuwa awo ndi pa a mkazi wanga, kuliika m'mbale yachitsulo yobenthuka, n'kuyenda nalo pabwalo lonse. Kuchimbudzi phulusa, kudzala phulusa, pamene nkhuku yaipitsa phulusa. Mudzi wonse unkadziwa kuti pakhomo pawo ntchentche ilibe potera, ndipo iwo ankanyadira zimenezo.

Mlungu woyamba bokosi linayenda bwino. Ndinkatola matimati ndi kabichi zotayidwa pa msika wa Songani, azimayi ogulitsa n'kumandiseka kuti, "Abambo a ku koleji, penshoni yatha kodi?" Ine n'kumaseka nawo, thumba ndikudzaza. Tsiku lachisanu ndi chitatu nditatsegula chivindikiro, ndinapeza m'kati monse muli mbuu. Phulusa linali litathiridwa mosaumira, n'kusalazidwa bwinobwino mpaka m'makona. Mphutsi zina zinali zitauma, zina zitathawira m'timabowo ta pansi n'kugwera padothi, pamene abuluzi ankazidikira.

Ndinapsa mtima, ndinalunjika kukhitchini. "Mayi, mwandipatsa miyezi itatu ndi pakamwa, manja n'kumandiphera ntchito?"

Mkazi wanga anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ine? Pakhomo pano amayenda ndi mbale ya phulusa ndi ndani? Zaka zonsezi simunawaone?"

Mkwiyo wanga unasowa kolowera. Munthu ungakalipire mkazi wako, mwana wako, ngakhale mkulu wa mpingo zikavuta, koma apongozi ungayambire pati, poti ngakhale moni umaupereka kwa mtengo? Ndinapempha mkazi wanga kuti akawauze momveka bwino kuti mphutsizo ndikuweta dala, ndi chakudya cha nkhuku, ndipo phulusa limazipha.

Anapita. Ine ndinatsikiranso kwa mnzanga wa maiwe uja kukapempha chitini china, ndinatsuka mgolo, n'kuyambiranso. Patapita masiku asanu phulusa linabweranso, ulendo uno lochuluka kuposa loyamba.

"Kodi munawauza chiyani kwenikweni?" ndinafunsa mkazi wanga.

Anayamba kukonza mpango kumutu, ndipo ndinadziwa kuti pali nkhani. "Ndinawauza kuti, amayi, musamadzivute ndi bokosi lija, eni ake aziona okha."

"Basi? Za nkhuku bwanji? Zoti ndikuweta dala?"

"Abambo, inu mukufuna ndikagwade pamaso pa amayi anga n'kunena kuti amuna anga, munthu wovala jekete ku tchalitchi, akuweta mphutsi? Pakamwa panakana."

"Ndiye iwo anati chiyani?"

"Anati ndikuuzeni kuti musade nkhawa, sakutopa. Akuti munthu akapuma ntchito mutu umasokonezeka pang'ono, zimachitika, ndipo iwo sauza aliyense. Azingothiramo mwakachetechete mpaka zitakutherani."

Ndinakhala pa chitsa. Kwathu kuno munthu akamakuthandiza umayenera kunena kuti asavutike, ndipo iye amayenera kupitiriza. Apongozi anaona ulemu wa mkamwini wawo, n'kuubweza ndi ulemu wawo. Ankandibisira manyazi. Ndinkafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi, koma Okutobala anali akupita kumapeto, ndipo m'khola ndinkatolabe mazira atatu kapena anayi. Mlungu womwewo bambo wina wootcha nyama ku Songani anaima pa mpanda wathu ndi njinga yake, akuti wamva kuti pali nkhuku zogulitsa. Ndinamuuza kuti wamva molakwa. Anapita akuyang'anabe kukhola, milomo ikuyenda, akuziwerenga.

Nditatsikira kachitatu kwa mnzanga wa maiwe, anandimvera chisoni. "Achimwene, bwanji osabweretsa bokosilo kuno? Muzibwera m'mawa kudzatenga za nkhuku zanu, kwanga kuno kulibe wa phulusa."

Nzeru yake inali yabwino, koma ndinaikana. Kudimba sindikanaliika, poti kumeneko agalu ndi ana akanalipasula tsiku lomwelo. Kwa mnzangayo kunali bwino, koma ndikanasanduka munthu woweta pakhomo pa eni ake kawiri. Ndinkafuna bokosilo likhale pamene ndimagona, ndizilimva fungo ndikadzuka, likalephera lilepherere pamaso panga. Ndinanyamula chitini chachitatu n'kukwera nacho chitunda cha kwathu, thukuta lili kamukamu.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinakhomera kachitsulo pa chivindikiro n'kuikapo loko. Ndinaganiza ngati kalipentala, kuti chinthu chikamatsegulidwa ndi wosayenera umakiya. Sindinaganize ngati mkamwini. M'mawa mwake ndili m'khola, ndinamva ndodo ija ikugogoda pansi, ikubwera ndi kanjira kaja. Inaima pa bokosi. Kenaka ndodoyo inabwerera kumene inachokera, osapitirira kudzala kapena kuchimbudzi.

Masana mkazi wanga anapita ndi chakudya kwa amayi ake monga mwa masiku onse, n'kubwera nacho chosavundukula. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. "Pabwalo pano nkhokwe sitinaikepo loko. Njinga yanu imagona pakhonde. Loko woyamba pa dothi lino mwaikira amayi anga."

Ndinazula kachitsulo kaja ndi loko wake tsiku lomwelo, koma uthenga unali utafika kale. Apongozi anasiya kudutsa kanjira kaja. Anayamba kuzungulira kutsogolo kwa nyumba, ulendo wautali kwa munthu wa ndodo. Phulusa ankatapa pa mafuwa awo okha, a mkazi wanga osawakhudza, ndipo ankadya zophika okha.

Bokosi linayamba kuyenda bwino nthawi yomweyo, ndipo zinandiwawa kuti layenda bwino chifukwa cha zimenezo. Kunja kunatentha, mango anayamba kugwa, ntchentche zakuda zija zinabwera zokha n'kudzaza makatoni ndi timazira tachikasu. Ndinaphunzira kuti matimati akachuluka ndiwazemo madeya ouma, ndiponso kuti ndisathire chakudya chatsopano chakale chisanathe. Ukaika dzanja pamwamba pa zinyalalazo unkamva kufunda. Fungo silinali loipa, linali ngati la mphale yoviika. Pofika pakati pa Novembala, m'mawa uliwonse m'chidebe ndinkapezamo mphutsi zakuda zokwana makapu awiri kapena atatu, ndipo zoyera zosakhwima ndinkatapa ndi sefa yakale.

Kupepesa ndi pakamwa panga sindikanatha, ndipo mkazi wanga anakana kunditengera mawu. "Uthenga wa loko uja munatumiza nokha," anatero. "Winawunso tumizani nokha." Ndiye ndinaganiza kuti ngati sindingawauze, ndiwaonetse. M'mawa uliwonse ndinkatsegulira nkhuku, kunyamula chidebe, n'kukaima pabwalo pafupi ndi khonde la apongozi, msana nditalozetsa kwa iwo. Ndinkamwaza mphutsi pansi n'kumalankhula ndi nkhukuzo mokweza.

"Idyani, ana inu, iyi ndiye nyama yanu. Za m'sitolo zatikanika. Mukadya iyi muikira, mukaikira simupita ku Songani. Mwini wanu ndi wopusa, anachita mwano ndi loko, koma walapa."

Nkhuku zinkalimbirana, kuthamangitsana, fumbi koboo. Kumbuyo kwanga ndinkangomva nandolo akugwera m'lichero. Ndinachita zimenezi milungu iwiri, ndipo oyandikana nafe anayamba kunong'onezana za mutu wanga, ngakhale apongozi anali asanauze munthu. Sindinasamale. Nthenga zinayamba kumera, kujompholana kunatha, mazira anakwera kufika asanu ndi atatu, kenaka khumi ndi awiri. Mkazi wanga anavomera kunyamula mbale ya mazira asanu kupita nayo kwa amayi ake, poti mazira si mawu. Anabwerera onse asanu, akuti iwo mazira a mphutsi sadya.

Mvula yoyamba inagwa kumayambiriro kwa Disembala, Loweruka masana, yamphamvu mpaka phiri la Malosa osaoneka. Lamulungu m'mawa ine ndi mkazi wanga tinapita ku tchalitchi. Apongozi anali atasiya kupita chifukwa cha miyendo, ankatsala okha pakhomo. Mapemphero anatalika, kunali ubatizo wa ana, ndipo tinabwerera dzuwa litapendeka.

Nditangokhota kuseri kwa khitchini, ndinaona mbuu pansi pa mtengo wa mango. Phulusa paliponse. Mutu unatentha. Ndinaganiza za milungu itatu yotsala kuti Khirisimasi ifike, ndinaganiza zoyambanso kachinayi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti ulemu wanditopetsa. Ndinapatsira mkazi wanga buku la nyimbo n'kuthamangira ku bokosi, mawu oipa ali kale pakamwa.

Chivindikiro chinali chotseka. Nditatsegula, mphutsi zinali piringupiringu monga mwa masiku onse, m'kati mulibe ngakhale kaphulusa. Phulusa lonse linali pansi. Linathiridwa mozungulira bokosi, lochindikala, ndipo pa mwendo uliwonse panali mulu wakewake wosakanikirana ndi makala ozima. Kunja kwa phulusalo kunali linthumbu, nyerere zofiira zoluma zija zimene zimatuluka mvula ikagwa. Mzere wake unachokera ku nthochi, kufika pa phulusa, n'kukhotera kutchire. Pa mwendo umodzi wa bokosi panali nyerere zambiri zopserera, kusonyeza kuti zinali zitayamba kale kukwera. Zitini za madzi zija, zimene ndinati ndiika mawa, zinali zisanaikidwebe. Linthumbu likalowa m'bokosi ngati limenelo limasiya makoko okhaokha, ndipo likathana nazo limalunjika kukhola.

Mkazi wanga ndiye anayamba kuona zina. Pa mafuwa athu panali posesa. Pa mafuwa a apongozi chimodzimodzi, ndipo nkhuni zawo za mlungu wonse zinali zitatha. Anasonkha moto dala kuti apeze phulusa lamoto. Ndi kambale kaja m'dzanja limodzi, ndodo m'dzanja lina, sindidziwa kuti anayenda maulendo angati.

Tinawapeza atakhala pakhonde pawo, mapazi ali m'beseni la madzi. Miyendo inali itatupa, ndipo mkazi wanga anagwada n'kuyamba kuchotsa mitu ya linthumbu imene inakanirira pakhungu ndi m'chitenje. "Amayi, bwanji osangozisiya? Mukanagwa pamenepo akanakudzutsani ndani?"

Ine ndinaima chapatali, chipewa m'manja, ndikuyang'ana ku nthochi. Thadzi lina la nkhuku zanga linali likupalasa pafupi ndi beseni. Apongozi anatembenukira kukhoma monga mwa mwambo, n'kulankhula ndi thadzilo.

"Iwe, kawauze bambo a pakhomo pano kuti ziweto zawo zilipo, chivindikiro sindinatsegule. Koma aone chochita ndi nyererezi. Ine ndakalamba, sindingamachite izi Lamulungu lililonse."

Zaka zoposa makumi atatu ankanditchula kuti akamwini. Zoti bambo a pakhomo pano ndinali ndisanamvepo m'kamwa mwawo, kapena m'kamwa mwa wina aliyense wa mbumba imeneyo. Ndinayang'ana thadzilo, limene linali litatanganidwa ndi kachiwala, osadziwa kuti lasanduka mthenga.

"Kawauze amayi kuti ndamva," ndinatero. "Uwauze kuti zikomo kwambiri, ndipo za loko zija ndinalakwa."

Apongozi anayankhira kwa thadzilo. "Uwauze kuti za loko ndinamva kale. Milungu iwiri yonse akukuwa pakhomo panga ngati ndine wogontha."

Mkazi wanga anaseka misozi ili m'maso, manja akadali m'beseni.

Zitini ndinaika tsiku lomwelo, ndisanavule jekete. Khirisimasi inafika mazira akupitirira khumi ndi asanu patsiku, ndipo za ootcha nyama ku Songani palibe anazitchulanso. Apongozi anayambiranso kudutsa kanjira kawo ndi kudya chakudya cha mwana wawo. Phulusa ankathira mozungulira miyendo ya bokosi, ndipo makoko awo a mango ndi a maungu ankasiya m'lichero pamwamba pa chivindikiro, osatsegula. Koma mazira a nkhuku zanga sanadyepo ngakhale limodzi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, zaka ziwiri pambuyo pake. Pamenepo pokha sanasunthe.

Pogawa katundu wawo, abale anatenga zitenje, mapoto ndi bulangete. Ine mkamwini sindinayenere kulandira kanthu, ndipo palibe anandifunsa. Mbale yachitsulo yobenthuka ija anaitaya kudzala, ine n'kukaitola anthu atabalalika. Mabokosi tsopano alipo atatu, lililonse miyendo yake ili m'zitini za madzi, ndipo phulusa silikufunikanso kwenikweni. Komabe m'mawa uliwonse, ndisanatsegulire nkhuku, ndimatapa pa mafuwa a mkazi wanga n'kuyenda nalo kanjira kaja.